Makobidi 24 a mafumu a ku Yerusalemu: zomwe ndapeza m'kabokosi komwe anandibweretsera

Mwana wa mlongo wanga ndi mmodzi mwa anyamata amene anakwera ndege kumapeto kwa 2023 kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Atabwera kudzationa, mayi ake anawapatsa nsalu, mayi akunyumba kuno anawapatsa mafuta a azitona, ine anandipatsa kabokosi kathabwa kosaposa buku la nyimbo. Anati, "Malume, inu nsapato ndikudziwa kuti muzingozisunga m'sutikesi. Izi ndiye muzizigwiritsa ntchito." Ananena zoona. Miyezi isanu yatha ndikukatsegula ndi kukatseka, ndipo anzanga awiri amene ali ndi ana komweko andifunsa ngati nawonso atume kuti awagulire. Ndiye ndati ndingolemba pamodzi, zokoma ndi zowawa zomwe.

Mkati muli makobidi 24, lililonse m'kadzenje kake pa nsalu yofewa yabuluu, ndi kabuku ka Chingerezi ka masamba 16. Anagula m'kashopu kena ka mumzinda wakale wa Yerusalemu, m'tinjira tija timayambira pa chipata cha Jaffa. Wogulitsa anayamba ndi masekeli 300, mnyamatayo n'kunenerera mpaka 180, poti masiku amenewo alendo anali atasowa chifukwa cha nkhondo ndipo amalonda ankangowodzera pakhomo. Makobidiwo si enieni, ndi otengera, ndipo lililonse lili ndi timalemba ta COPY m'mphepete. Zimenezo sindikudandaula nazo. Zinthu zakale zenizeni kumeneko amagulitsa ndi amalonda okhala ndi chiphaso cha boma, ndipo kuti utuluke nazo m'dzikomo pamafunikanso chilolezo. Munthu wokathyola tomato sangayambe kulimbana nazo zimenezo.

Ine ndinaphunzitsa History ndi Bible Knowledge zaka 31, ndipo chipumireni pa ntchito ndimaphunzitsa kalasi kutchalitchi Loweruka masana. Mbiri ya dziko limeneli inkandivuta nthawi zonse kuilowetsa m'mitu ya ana. Olamulira ake ndi mndandanda wosatha, mwana aloweza lero, mawa wasakaniza Ababulo ndi Aroma. Koma khobidi mwana amalimva msanga. Loweruka loyamba ndinapita ndi matambala akale awiri, lina la mutu wa Kamuzu, lina la mutu wa Muluzi, n'kuwafunsa chimene chinasintha pakati pa awiriwo. Anayankhira pamodzi. Wosula ndalama ndiye mwini dziko. Kabokosi konseka kagona pa mfundo imeneyo, ndipo pamene kaitsata kamaphunzitsa kuposa ine.

Tsoka lake, kakuyamba ndi bodza. M'kadzenje koyamba muli khobidi lonyezimira ngati golide, mbali ina zeze, mbali ina nyenyezi ya nsonga 6, ndipo kabuku kakulitcha khobidi la Mfumu Davide. Davide sanasulepo khobidi, Solomo yemwe ayi. Iwo analamulira cha m'ma 1000 B.C., pamene ndalama zosula zinayambira ku Lydia, kumadzulo kwa dziko lomwe lero ndi Turkey, patapita zaka zoposa 300. Sekeli ya masiku amenewo inali muyeso wa kulemera, pafupifupi magalamu 11. N'chifukwa chake Abrahamu pogula manda a Sara anachita kuyeza siliva wa masekeli 400, ndipo Yeremiya pogula munda wa ku Anatoti, Ababulo atazinga kale mzinda, anayeza masekeli 17 pa sikelo. Timiyala toyezera tolembedwa ta mu ufumu wa Yuda tapezeka tambirimbiri, wopanga bokosi akanaikapo kamodzi kotengera, nkhani ikanaongoka. Koma kamwala sikanyezimira, ndipo mlendo wochokera kutali amafuna kupita kwawo ndi Davide m'thumba.

Zikutanthauza kuti nthawi yonse ya mafumu a Israeli ndi Yuda ilibe khobidi. Asuri kugwetsa Samariya mu 722 B.C., Senakeribu kufinya Hezekiya mu 701, Nebukadinezara kutentha kachisi mu 586, zonsezi kabuku kazipanikiza m'theka la tsamba. Apa sindikuimba mlandu wina aliyense, kulibe chimene akanaika.

Nkhani yeniyeni ikuyamba ndi khobidi lachiwiri. Koresi atalanda Babulo mu 539 B.C. analola Ayuda kubwerera kwawo, ndipo dziko la Yuda linasanduka kachigawo ka ufumu wa Perisiya kotchedwa Yehud. M'zaka za m'ma 300 B.C. kachigawoka kanayamba kusula tindalama tasiliva tolembedwa zilembo zitatu za dzina limenelo. Lomwe lili m'bokosi lili ndi duwa la kakombo mbali ina, mbalame yotambasula mapiko mbali inayo. Tina ta nthawi yomweyo tinkatengera kadzidzi wa pa ndalama za ku Athens, poti ndalama ya Agiriki ndiyo inali yodalirika pamsika, monga momwe dola ilili lero. Khobidi lenilenilo n'laling'ono ngati njere ya chimanga ndipo limalemera pafupifupi theka la galamu. La m'bokosi ili alikulitsa mpaka kufanana ndi anzake onse.

Ili ndi vuto lachiwiri, ndipo kwa mphunzitsi ndi lalikulu. Ndinapita nawo ku labu ya sukulu yomwe ndinkaphunzitsa, mnzanga wa sayansi n'kundiyezera limodzilimodzi. Onse akusewera pakati pa magalamu 5 ndi 7. Sekeli ya ku Turo imayenera kufika magalamu 14, kakhobidi ka mayi wamasiye n'kopepuka ngati kachikamba ka nkhanambo. Mwana akagwira awiriwo n'kumva kulemera kofanana, fanizo la chopereka cha mayi uja latha mphamvu. Ndinachita kudula kachidutswa ka chitini cha mkaka kuti aone kukula kwake kwenikweni.

Pakubwera Agiriki. Alexander anadutsa m'dzikomo mu 332 B.C. akupita ku Igupto, n'kumwalira mu 323, akazembe ake n'kugawana ufumu ngati nyama ya pamaliro. Dziko la Ayuda linagwera pakati penipeni, a Ptolemy kummwera ku Igupto, a Seleucus kumpoto ku Siriya. Mukayang'ana mapu mumvetsa chifukwa chake aliyense wamphamvu ankalifuna: kumadzulo nyanja, kum'mawa chipululu, ndiye ankhondo ndi amalonda onse ochoka ku Africa kupita ku Asia ankadzera m'kampata kameneka. A Ptolemy analigwira zaka pafupifupi 100, mpaka Antiochus III anawagonjetsa cha mu 200 B.C. pa Panium, malo amene m'Chipangano Chatsopano timawadziwa kuti Kaisareya wa Filipi. Khobidi la mwana wake, Antiochus IV, alipanga bwino kwambiri. Nkhope yake ikuoneka mpaka tsitsi, ndipo kuseri kuli mawu a Chigiriki omutcha mulungu woonekera, Theos Epiphanes. Anthu ena a nthawi yake ankapotoza dzinalo n'kumati Epimanes, wamisala. Ana a kalasi anaseka kwambiri, poti maina otere amawadziwa kupeka. Mu 167 B.C. iyeyu analetsa mdulidwe ndi Sabata n'kuipitsa kachisi, wansembe Mattathias wa ku Modiin ndi ana ake n'kuyamba nkhondo ya m'tchire. Mu 164 Judah Maccabee anayeretsa kachisi, ndipo chikondwerero cha Hanukkah chinayambira pamenepo.

Apa mpamene mtsikana wina wa zaka 13, amene sakonda kulankhula, anaona chimene ine ndinali ndisanachitchule. Ndinawapatsa makobidi 18 oyambirira kuti awagawe magulu awiri mmene akufunira. Ena anagawa oyera ndi ofiira. Iye anaika okhala ndi nkhope ya munthu uku, opanda nkhope uko, n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, bwanji awa alibe mwini wake?" Gulu lopanda nkhopelo pafupifupi lonse linali la Ayuda eni ake. Lamulo loletsa fano losema linafika mpaka pa ndalama. Maufumu akunja ankadinda mutu wa mfumu, Ayuda ankadinda zipatso, nangula, chikho, nthambi. John Hyrcanus, amene analamulira kuyambira 134 mpaka 104 B.C., anaika nyanga ziwiri zodzaza zipatso ndi khangaza pakati, kuseri n'kulemba kuti Yehohanan mkulu wa ansembe ndi bwalo la Ayuda. Analemba ndi zilembo zakale za Chihebri za nthawi ya mafumu, zomwe anthu anali atasiya kale kuzigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Inali njira yonenera kuti ufumu uja wa makolo wadzuka. Phunziro la tsiku limenelo linachokera kwa mwana ndi m'bokosi, ine ndinangokhala mboni, ndipo pa chifukwa chimenechi chokha masekeli 180 aja sanapite pachabe.

Musaganize kuti popeza analibe nkhope pa ndalama ndiye anali mafumu ofatsa. Alexander Jannaeus, wolamulira kuyambira 103 mpaka 76 B.C., anamenyana ndi anthu ake omwe zaka zingapo, ndipo wolemba mbiri Josephus akuti anapachika adani ake 800 pamitanda iye akudya phwando. Kakhobidi kake ka nangula ndi nyenyezi, kolembedwa Chigiriki mbali ina ndi Chihebri mbali inayo, kanasulidwa kochuluka kwambiri moti kanayendabe mpaka nthawi ya Yesu, ndipo ambiri amati ndi tomwe mayi wamasiye anaponya mosungira chopereka. Atamwalira, mkazi wake Salome Alexandra analamulira zaka 9. Dzina lake silinapezeke pa khobidi, ndipo kabuku sikakumutchula n'komwe. Mayi akunyumba atamva zimenezi anangoti, "Zachilendo n'chiyani pamenepo?" Ana ake awiri, Hyrcanus II ndi Aristobulus II, analimbirana mpando, aliyense n'kukasuma kwa mlendo, kazembe wa Aroma Pompey. Mlendoyo anaweruza mlandu polowa mu Yerusalemu ndi ankhondo mu 63 B.C., mpaka anasuzumira m'malo opatulikitsa. Ufulu wa zaka pafupifupi 80 unathera pamenepo. Womaliza wa banja limeneli, Mattathias Antigonus, anagwira mpando kuyambira 40 mpaka 37 B.C. mothandizidwa ndi Aparti, ndipo pa khobidi lake anadinda choikapo nyale cha nthambi 7 cha m'kachisi. Limeneli mulisunge m'mutu, tikumana nalonso.

Herode anali khoswe wokhala pa mkhate. Bambo ake anali Mwedomu, mayi ake wa ku Nabataea, ufumu anaupatsidwa ndi bwalo la akuluakulu ku Roma mu 40 B.C., ndipo anaugwira kuyambira 37 mpaka 4 B.C. Anali bwenzi la Mark Antony, Antony atagonja anasanduka bwenzi la Augustus posakhalitsa. Pa ndalama zake analemba Chigiriki chokha, koma nkhope yake sanaikepo, ankadziwa polekezera. Kabuku apa kalakwitsa moipa: kakuti Herode ameneyu ndiye anadula mutu wa Yohane Mbatizi. Ameneyo anali mwana wake, Herode Antipa wa ku Galileya. Ndinakonza ndi bolopeni yofiira, chizolowezi sichitha.

Makobidi atatu a nthawi ya Uthenga Wabwino ndi amene ambiri adzagulire bokosili. La Pilato, amene anali bwanamkubwa kuyambira A.D. 26 mpaka 36, lilibe dzina lake, lili ndi la Tiberiyo Kaisara ndi chaka cha ulamuliro wake. Koma taonani chimene anadindapo: ndodo yokhota ya alauli a Chiroma. Nkhope anapewa, koma anaika chida cha chipembedzo chachikunja m'manja mwa Myuda aliyense wogula mkate. Dinari ya Tiberiyo ili ndi mutu wake ndi mawu omutcha mwana wa Augustus waumulungu, ndiye funso lija loti chithunzi ichi n'cha yani mwana amaliyankha ali nalo m'dzanja. Chodabwitsa kwambiri ndi sekeli ya ku Turo. Ili ndi mutu wa Melqart, mulungu wa mzindawo, kuseri chiwombankhanga, komatu ndiyo inkalandiridwa pa msonkho wa theka la sekeli wa kachisi, chifukwa siliva wake anali wosasakaniza kwenikweni. Osintha ndalama aja ankapezerapo pamenepo. Ansembe amene sankalola fano pa khoma ankalilola m'thumba la chopereka likakhala la siliva wabwino. Mkulu wa mpingo mnzanga ndinamuonetsa zimenezi, sanasangalale nazo.

Mtima wa bokosili ndi makobidi asanu otsatira la mfumu Agripa wa banja la Herode, ndipo ndikhalitsapo. Mu A.D. 66 Ayuda anaukira Aroma, ndipo chimodzi mwa zoyamba kuchita chinali kusula sekeli yawoyawo yasiliva, chinthu chimene Aroma sankalola. Mbali ina chikho ndi mawu akuti sekeli ya Israeli, pamwamba pake chaka cha kuukirako. Mbali inayo makangaza atatu ndi mawu akuti Yerusalemu woyera. Palibe dzina la munthu aliyense. Tamkuwa ta chaka chachiwiri ndi chachitatu timati ufulu wa Ziyoni. Ta chaka chachinayi, Aroma atatsala pang'ono kutseka njira zonse, mawu anasintha n'kukhala kuomboledwa kwa Ziyoni. La m'bokosi ndi la chaka chachinayi, ndipo ine ndimaliwerenga ngati pemphero la anthu amene aona kuti mikono yawo yalephera. Mu 70 kazembe wa Aroma Titus anatentha kachisi. Otsala anakadzitsekera pa Masada mpaka cha mu 73.

Kenako pakubwera yankho la Aroma, khobidi la mfumu yawo Vespasian. Mtengo wa kanjedza pakati, mbali ina msilikali ataimirira ndi mkondo, pansi pa mtengowo mayi atakhala, dzanja patsaya, ngati namfedwa pasiwa. Mozungulira alembapo IVDAEA CAPTA, Yudeya wagwidwa. Anasula ochuluka zedi kuti uthenga ufike m'misika yonse ya ufumuwo, poti wayilesi ya nthawi imeneyo inali ndalama. Msonkho umene Myuda ankapereka kukachisi anaukhotetsa kuti uzipita kukachisi wa Jupiter ku Roma. Ndikawaika awiriwa pamodzi patebulo, chikho chija ndi mayi wolirayu, kalasi imangoti zii.

Lomwe ndimalikonda koposa ndi la Bar Kokhba, mtsogoleri wa Ayuda oukira. Pa kuukira kwachiwiri, kuyambira 132 mpaka 135, oukirawo analibe posungunulira siliva, ndiye ankatenga ndalama za Aroma, kupala nkhope ya Kaisara, n'kudinda zawo pamwamba: khomo la kachisi amene anali atagwa zaka 60 zapitazo, nthambi za chikondwerero cha misasa, dzina loti Shimon, ndi mawu onena za ufulu wa Yerusalemu. Pa makobidi ambiri enieni nkhope yakaleyo imasuzumirabe pansi. Wopanga bokosi ayenera kuti anatengera pa limodzi lotero, chifukwa ndikaunika ndi tochi ya foni chammbali ndimaona mphuno ndi chibwano cha mfumu ya Aroma pansi pa zipilala za kachisi. Olamulira awiri pa kachitsulo kamodzi, wina pamwamba pa mnzake. Makalata a mtsogoleriyu anapezeka m'phanga la ku Nahal Hever mu 1960 ndi 1961, ndipo akusonyeza kuti dzina lake lenileni linali Shimon bar Kosiba. Mfumu ya Aroma Hadrian inapambana. Khobidi lotsatira likusonyeza munthu akulima mzere ndi ng'ombe ziwiri, mwambo wa Aroma poyamba mzinda watsopano. Mzindawo unali Aelia Capitolina, pamalo pa Yerusalemu, Ayuda n'kuletsedwa kukhalamo, chigawo chonse n'kutchedwa Syria Palaestina.

Kufikira apa ndikanapereka 8 pa 10. Koma werengani nane. Zaka pafupifupi 500, kuchokera pa Yehud kufika pa Hadrian, zapatsidwa makobidi 17. Zaka zoposa 1,700 zotsatira, kufika mu 1917, zapatsidwa anayi. Zili ngati wopanga bokosi anatopa, kapena anaona kuti nkhani ya Baibulo ikatha wogula sasamalanso. Komatu anthu anapitiriza kubadwa, kulima azitona ndi kukhoma msonkho m'dzikomo, Ayuda otsala ku Galileya, Asamariya, Akhristu, kenako Asilamu.

Anayiwo pa okha ndi abwino. La Byzantium, ufumu wa Aroma wa kum'mawa, lili ndi chilembo chachikulu cha M ndi mtanda pamwamba, kuimira zaka pafupifupi 300 za ulamuliro wa Chikhristu, kuyambira pa Constantine amene tchalitchi chake cha pa manda a Yesu chinatsegulidwa mu 335. Aperisiya analanda mzindawo mu 614, mfumu ya Byzantium Heraclius n'kuubweza, koma sanaudyerere: cha mu 638 unaperekedwa kwa Khalifa Umar, mtsogoleri wa Asilamu. La Chiarabu ndi la Abd al-Malik, amene anamanga Dome of the Rock cha mu 691. Likusonyeza khalifayo ataimirira, dzanja pa lupanga, ndipo dzina la posulira alemba Iliya Filastin. Iliya ndi Aelia yemwe uja. Dzina lomwe Hadrian anapereka linakhala zaka zoposa 500, mpaka linalowa m'Chiarabu. Patangopita zaka zochepa khalifa yemweyo anachotsa zithunzi pa ndalama zake n'kusiya mawu okhaokha, ndiye mtsikana wanga uja akanakhala ndi gulu lachitatu. Kabuku sikananene chilichonse mwa izi, kangoti khobidi la Aarabu, mizere iwiri basi.

La ankhondo a mtanda, amene analowa mu Yerusalemu pa 15 Julayi 1099 n'kupha Asilamu ndi Ayuda ochuluka, ndi la Baldwin III, ndipo lili ndi nsanja yotchedwa ya Davide. Nayonso si ya Davide, tsinde lake anamanga ndi Herode. Zikuoneka kuti kugulitsa dzina la Davide kwa alendo sikunayambe lero. Saladin anawathyola pa Hattin mu Julayi 1187 n'kutenga mzindawo mu Okutobala. Ankhondo a mtandawo anakhalamo zaka 88 ndipo apatsidwa kadzenje. A Mamluk a ku Igupto, amene anaimitsa a Mongol pa Ain Jalut mu 1260, n'kumaliza ankhondo a mtanda pa Acre mu 1291, n'kulamulira mpaka 1516, zaka zoposa 250, alibe kanthu. Sultan wawo Baybars ankadinda mkango pa ndalama zake, ana akanaukonda bwanji. A Abbasid ndi a Fatimid nawonso kulibe. Kadzenje kamene kawonongedwa ndi Davide wabodza uja kakanakwana mmodzi mwa amenewa.

La Ottoman lili ndi siginecha yopotanapotana ya sultan, ndipo likuimira zaka 400, kuyambira pa Selim I mu 1516 mpaka 1917. Ndinafunsa mwana wa mlongo wanga ngati anaona malinga a mzindawo. Anati, "Ee malume, ndinawagwira ndi dzanja, omwe aja a nthawi ya Yesu." Ndinati, iwe, amenewo anamanga Suleiman pakati pa 1537 ndi 1541. Anakhumudwa pang'ono, koma anachira.

Khobidi la 23 linandibwezera kumudzi. Ndi la Angerezi. Kazembe wawo Allenby analowa mu Yerusalemu wapansi, pa chipata chomwe chija cha Jaffa, pa 11 Disembala 1917, patangopita milungu ingapo kalata ya nduna yawo Balfour italonjeza Ayuda mudzi m'dzikomo, Aarabu nawonso akuyembekeza zawo zomwe analonjezedwa. Mu 1927 Angerezi anatulutsa ndalama ya Palestine, paundi imodzi ya ma mil 1,000. La m'bokosi ndi la ma mil 10, loboola pakati, ndendende peni ya Rhodesia ndi Nyasaland imene agogo anga ankamanga pa kansalu. Mbuye mmodzi, chibowo chimodzi. Koma pa ili mutu wa mfumu ya ku England palibe, ngakhale dzina lake. Pali dzina la dziko m'Chingerezi, m'Chiarabu ndi m'Chihebri, ndipo pambuyo pa la Chihebri anawonjezera zilembo ziwiri zoimira Eretz Yisrael, dziko la Israeli. Aarabu anati zilembozo zachuluka, Ayuda anati zachepa. Mkangano wonse umene tikumva pa wayilesi mpaka lero ulipo kale pa kachitsulo kameneka. Mnyamatayo akuti mwini shopu uja ankalankhula Chiarabu ndi mwana wake, Chihebri ndi kasitomala wina, Chingerezi ndi iye.

Lomaliza ndi la ma mil 25 la dziko la Israel, limene David Ben-Gurion analengeza pa 14 Meyi 1948. Lili ndi phava la mphesa lotengedwa pa khobidi la Bar Kokhba. Kabuku katha ndi tsamba lathunthu la chikondwerero, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake, anthu amene anali atangotuluka m'ng'anjo ya Hitler anasulanso ndalama yawo patapita zaka 1,800. Koma sikananene kuti pa nkhondo ya chaka chomwecho Apalestina pafupifupi 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo. Ana a kalasi ndinawauza ndekha. Kabuku komwe kanatiimika pa mayi wolira pansi pa kanjedza sikayenera kudumpha olira ena.

Za kapangidwe: chitsulo chake n'chotchipa. Mvula itangoyamba, amkuwa anachita ndere yobiriwira, asiliva n'kuda, ndipo ndimawapukuta ndi phulusa losefa. Kahinji kamodzi kanazuka mwezi wachiwiri, kalipentala wa pamsika anandikonzera. Timadzenje tilibe manambala, ndiye bokosi likagwa, monga linagwera tsiku lina mdzukulu atalikoka, mumatha ola lathunthu mukufananiza ndi zithunzi zosaoneka bwino za m'kabuku. Ine ndinamata timapepala ta manambala pansi pa khobidi lililonse. Anzanga awiri aja ndawauza kuti atume, koma mnyamata asapitirire masekeli 200, ndipo kabukuko asakakhulupirire okha popanda wina wodziwa. Amene akufuna chokongoletsa pa kabati asavutike, miyezi itatu chidzakhala chitada.

Tsiku loti abwerere, mwana wa mlongo wanga anakhuthula m'thumba la jekete tindalama totsala, n'kunena kuti ana azisewera nato. Ndinatiyang'ana ndi galasi langa. Pa ka 10 agorot pali choikapo nyale cha Antigonus chija. Pa ka masekeli 10 pali kanjedza ndi mawu aja a chaka chachinayi, kuomboledwa kwa Ziyoni. Pa ka sekeli imodzi pali duwa la kakombo ndi zilembo zitatu zakale za Yehud. Iye anakhala akugulira buledi ndi tindalama timeneti chaka chathunthu osadziwa. Ka sekeli imodziko ndakaika m'kadzenje koyamba, ngakhale kamagwedera poti n'kakang'ono. Khobidi la Davide ndinapatsa mdzukulu wanga, ndipo pa shopu yake ya kuseri kwa khitchini limagula makeke adothi atatu.